Galimoto ya Pamphambano

Mu Epulo likulu linadula mafuta a polisiyo ndi theka. Mu Juni galimoto yaikulu inagogoda injini, anaikokera kugalaja ndipo sinabwerenso. Yaing'ono, ya mizere yabuluu m'mbali, inaima mu Ogasiti chifukwa cha pampu ya mafuta. Bwana wa siteshoni anapempha pampu ina. Likulu linati adikire chaka chamawa.

Dalaivala wa siteshoniyo, yemwe anzake ankamutcha Giya, anatsala wopanda choyendetsa. Nzeru yoika galimoto yakufayo pamphambano inali yake.

"Bwana, wakuba sasuzumira mu injini," anatero. "Amangoona utoto basi."

Anaikankha m'mamawa anthu asanadzuke, kutsetsereka nayo mpaka pamphambano, pakati pa msika ndi siteji ya mabasi. Kuyambira pamenepo ntchito ya Giya inali kukhala m'galimotomo, kupukuta fumbi ndi kupopa matayala. Akatumidwa kwina, ankakoleka jekete lake pampando, kuika chipewa pamwamba pake, kukweza magalasi n'kukhoma zitseko. Ukaima patali unkaona wapolisi ali tcheru. Umbava wa mafoni pasiteji unatsika ndithu, ndipo bwana analamula kuti chinsinsicho chisatuluke pakamwa pa aliyense.

"Lero wafika mpaka kuti, Giya?" ankamuseka motero sajeni wa pakauntala, mayi wa mawu aakulu. "Uzichepetsa liwiro, udzatiphera ana a eni."

Tsidya lina la msewu, pakhonde la sitolo ya zitsulo, pankakhala mayi wina wosoka zovala. Anamusokerapo Giya thumba la yunifomu, nakana kulandira kanthu. Mu Seputembala anabwera pazenera la galimotoyo, mkono wake wamanzere uli wowonda kuposa unzake chifukwa anali atangouchotsa pulasitala. Amene anauthyola ndi mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, mu Julayi. Khoti linamutulutsa pa belo n'kumuletsa kuyandikira mkaziyo mpaka mlandu udzazengedwe mu Novembala. Mayiyo anasamukira m'kachipinda kalendi kuseri kwa msika, koma mwamunayo anali atapeza kale nyumbayo.

"Achimwene, mumakhala pano tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, mlongo."

"Ndiye atabwera, mutha kufika msanga? Pagalimoto si patali."

Giya anayang'ana makiyi omwe ankalendewera pachiwongolero osayatsa kanthu. Akanatha kumuuza. Koma pakhonde la telala ndi pomwe nkhani za mumsika zimayambira, ndipo lamulo la bwana linali lomveka.

"Mukangomuona, thamangirani kuno," anatero. Anamupatsa nambala yake ya foni.

Lachinayi la sabata yachiwiri ya Okutobala linali tsiku la khoti. Apolisi omwe anapuma ntchito chaka chimenecho sanalowedwe m'malo, choncho bwana anatuma Giya kuti athandize kuperekeza akaidi wapansi. Anakoleka jekete, anaika chipewa, anakhoma galimoto. Maunyolo anali ochepa, ndiye mkaidi wotsalira, bambo wachikulire woganiziridwa kuba mawaya a magetsi, anamumangirira kudzanja la Giya. Kiyi wa unyolowo anatenga wapolisi mnzake yemwe analowa mkati kukapereka umboni.

Foni inalira dzuwa lili paliwombo, iwo atakhala pabenchi panja pa khoti. Anali telala uja.

"Achimwene, wabwera! Ali ndi chitsulo, akuswa chitseko."

"Muli kuti inuyo?"

"Ndatulukira pazenera la kuseri. Ndikukuonani, ndikubwera."

"Mukundiona kuti?"

"M'galimotomo!"

"Mlongo, ayi! Mulibe munthu mmenemo! Lowani mumsika, pitani pali anthu!"

Sanamve. Anali atachotsa foni kukhutu n'kumathamanga nayo m'manja. Giya ankamva mphepo, kupuma, masilipasi akuwomba pansi. Anamva phokoso la pageti la msika likukula, mawu a ogulitsa, wailesi ya wina, kenako phokosolo likuchepa. Mayiyo anali atadutsa geti, pomwe panali amuna onyamula katundu ambirimbiri, n'kulunjika pabwalo lopanda kanthu lomwe galimoto inaima. Kenako anamva chogwirira cha chitseko chikukokedwa, n'kukokedwanso, ndi chikhatho chikumenya galasi.

"Tsegulani! Achimwene, tsegulani!"

Foniyo inagwa pansi koma sinaduke. Giya anaidula yekha kuti aimbire kusiteshoni.

"Ndili ndekha, Giya," anatero sajeni. Nthabwala zinali zitamuthera. "M'chitokosi mwadzaza, bwana ali kumsonkhano. Ndikachoka pano ndisiyira ndani? Ndiimbira siteshoni ina, koma ukudziwa kuti nawonso galimoto yawo ili pamiyala."

Giya anaimirira, ndipo mkaidiyo anaimirira naye chifukwa sakanachitira mwina. Anathamanga onse awiri kutsika msewu wa kukhoti, kudutsa pachipatala cha ziweto, kudutsa pamalo omwetsera mafuta.

"Bwana, pang'onopang'ono," ankadandaula bamboyo. "Ine anandigwirira mawaya, za mpikisano sanandiuze."

Atafika pamlatho bamboyo anasiya kulankhula. Ankangothamanga, atagwira unyolo ndi dzanja linalo kuti usamucheke.

Pamphambano anapeza khamu. Mayiyo anali atamutengera kale kuchipatala palole ya simenti. Mwamunayo anali atathawira kunjanji, chitsulo anachitaya m'ngalande. Pachitseko cha dalaivala panali magazi, ndipo galasi linali ndi zidindo za zikhatho. Mkati, chipewa chinali chitapendekeka pang'ono. Anthu atamuona Giya akufika wefuwefu, ena anayamba kung'ung'udza. Mayi wina wogulitsa zipatso analavula pansi.

"Mwabwerera chiyani? Munthu akugogoda, inu phee. Kenako mwathawa."

Nkhani inali itakhazikika kale. Omwe anaona ali patali ankalumbira kuti wapolisi anali mkati ndipo sanatsegule. Omwe anafika pafupi n'kuona jekete lopanda munthu anali ochepa, ndipo mawu awo sanapite patali.

Telalayo anamwalira madzulo a tsiku lomwelo, asanalowe naye kuchipinda cha opaleshoni.

Lachisanu m'mawa bwana anamuitanitsa Giya. Sanakalipe. Anali munthu wotopa, wa maso ofiira, ndipo ankalankhula akuyang'ana patebulo.

"A kulikulu afunsa kuti galimoto yathu inafika nthawi yanji. Ndawauza kuti inali pomwepo. Si bodza."

"Anthu akuti ndinali mkati, bwana."

"Ndamva."

"Ndiwauze zoona."

"Ukawauza, pofika Lolemba matayala kulibe, ndipo pasiteji paja anthu azilandidwa masana. Ndiikapo chiyani m'malo mwake? Ndipatse chinthu chimodzi choti ndiikepo, ndiichotsa lero lomwe." Anadikira. "Za mkaidi uja unachoka naye kukhoti ndiziona ndekha. Tenga ndowa ukatsuke chitseko."

Loweruka, maliro atachitika, Giya anali m'galimoto pomwe anaona mayi wina pakhonde la sitolo ya zitsulo akumasula lamba wa makina osokera. Ankafanana ndi malemuyo pachipumi. Anali mkulu wake. Atamaliza kumanga miyendo ya makinawo ndi chingwe, anawoloka msewu n'kuima pazenera.

"Ndinu amene munali m'galimotomu?"

Giya anatuluka, anavula chipewa.

"Pepani ndi zovutazi, mayi."

"Ndafunsa ngati ndinu. Mng'ono wanga ankati ali ndi mchimwene wake wapolisi. Ankati, khazikani mtima pansi akulu anga, galimoto ili pafupi. Ndinamuuza abwere kwathu, anakana chifukwa cha inu."

Giya anayang'ana kusiteji. Panalibe amene anali pafupi moti n'kumva.

"Munalibe munthu, mayi. Ine ndinali kukhoti. Chomwe anaona ndi jekete ndi chipewa ichi. Galimotoyi siyenda. Inafa mu Ogasiti."

Mayiyo anasuzumira mkati, anayang'ana mpando, makiyi, kenako matayala opopedwa bwino aja.

"Iye ankadziwa?"

"Ayi."

"Koma inu munkadziwa pomwe munkamuuza kuti athamangire kuno."

"Eya."

Mayiyo anapinda nsonga ya mpango wake.

"Bola mukanakhalamo," anatero. "Munthu wamantha ndikanamumvetsa. Nanenso chitsulo ndimachiopa. Ndikanadziwa woti ndizimutukwana ndikadzuka m'mawa. Nanga pano ndikawauza chiyani amayi kunyumba?"

Mayiyo anacheuka kuyang'ana makina aja, kenako ngolo yomwe inkadikira m'mphepete mwa msewu.

"Ndi olemera. Bwerani mundinyamulitse."

Giya anawoloka msewu pambuyo pake. Anagwira mbali ya mutu wa makinawo, mayiyo anagwira miyendo, ndipo anawakweza pangolo. Pansi pa singano panali patatsala siketi ya sukulu ya mwana wa munthu wina, yosokedwa mbali imodzi. Mayiyo anadula ulusi ndi mano, anaipinda, anaipereka kwa mwini sitolo kuti mwini wake akabwera adzamupatse.