Mkate Umene Unakana Kutsika

Moni okondedwa. Tiyamike Mulungu amene watisunga kufikira lero.

Loweruka masana a Festus, mkulu wa mpingo wina kufupi ndi Malomo, anakankhanso kapu ya phala. Miyezi itatu inali itatha chakudya chikukana kutsika. Zinayamba ndi nyama, kenako mbatata, tsopano ngakhale phala la madzimadzi linkabwerera.

Mwana wawo Rakele, amene anawaperekeza kuchipatala, anafotokozera amayi ake, a Manesi, zimene adokotala ananena. Anati chakudya sichigwera chokha m'mimba ayi. Munthu akameza, minofu ya kummero imafinya pambuyo pa chakudyacho n'kumachikankha pang'onopang'ono, monga mmene a Manesi amasendezera lasitiki m'chiuno mwa siketi, mpaka m'mimba ndi m'matumbo. Minofu ya bambowo inali kukankhabe, koma chotupa chinatseka njira, ndipo chinali chitakula moti adokotala sakanatha kuchichotsa.

Mawa lake kunali Mgonero wa Ambuye. A Manesi anachonderera amuna awo kuti akhale kunyumba.

"Zaka makumi atatu ndagawa mkate umenewu, amayi a Rakele. Kachidutswa konga chikhadabo kandikanike?"

"Mukatsamwa pamaso pa anthu, bambo."

"Anthu ake ati? A Elia, amene amagona ulaliki usanayambe?"

A Manesi anaseka, kenako anatembenukira kukhoma.

Lamlungu Rakele anakweza bambo ake panjinga, iye n'kumakankha chitunda chonse mpaka kutchalitchi, a Manesi akutsatira pambuyo. Mbale itafika, a Festus anatenga mkate, nautafuna nthawi yaitali mpingo ukuimba. Anameza. Rakele anaona khosi lawo likukwera ndi kutsika, kawiri, katatu. Misozi inalengeza. Anawerama, nabwezera mkatewo mumpango woyera, osachita phokoso. Chikho chitafika, anangonyowetsa milomo, nachipereka kwa a Elia amene anakhala nawo pafupi.

Pobwerera a Festus anapempha kuti aime pamwamba pa chitunda. Anapinda mpango uja kanayi, naupereka kwa akazi awo.

"Musauchape. Mudzauike m'thumba la jekete yakuda, tsiku lodzandiika m'manda. Ndikamalizira komweko."

Atafika kunyumba a Manesi anaika makala musimbi, natsitsa jeketeyo pamsomali.

Ambuye akudalitseni inu owerenga. Akhale nanu pamene mukudya, ndipo asakusiyeni tsiku limene chakudya chidzakana.