Miyeso Khumi ndi Iwiri

Juliana ankadziwa matupi a anyamata a timu ya basiketibolo ya mgodi kuposa akazi awo, koma musamuganizire zoipa: iyeyo ndiye ankawasokera majezi. Zaka zisanu ndi chimodzi makina ake anakhala akulira pakhonde la nyumba ya kampani ku Kitwe, ndipo panalibe phewa la m'timumo limene sanaliloweze.

Mvula ikayamba, bwalo la simenti linkadzaza madzi, masewera n'kuima. Imeneyo ndiyo inali nyengo ya akuluakulu a komiti. Ankadzitsekera ku holo n'kumasankha otsala ndi ochoka, koma mayina ankawabisa mpaka Januwale. Telala yekha ndiye ankalandira pepala msanga kuti ayambe ntchito, ndipo papepalapo pankakhala miyeso yokhayokha, popanda dzina. Nzeru imeneyi anaisiya mzungu amene ankayendetsa timu ufulu usanabwere. Mwina iye ankaganiza kuti telala alibe maso.

Chaka chimenecho, 1968, kopa, mkuwa umene ankakumba pamgodipo, anali pa mtengo wabwino ndipo kampani inagula nsalu yatsopano yofiira. Juliana anayala pepala lija pa makina n'kuyamba kutchula mayina chamumtima. Uyu ndi Samson, uyu Fanwell. Wa mikono yaitali ndi chifuwa chopyapyalayu ndi Ackson, mlongo wake weniweni. Panali wina wamtali modabwitsa, amene sanamusokerepo, ndipo anadziwa kuti ndi Jairus wa ku Chipulukusu ku Ndola, uja ankatchuka m'makomboni. Anafika pansi pa pepala, n'kubwereranso pamwamba. Chifuwa chachikulu ndi msana waufupi wa mwamuna wake Laston panalibe.

Pamgodi paja kusewera mpira sikunali kongosangalatsa anthu Loweruka. Wosewera ankapatsidwa ntchito yapamtunda, ya m'sitolo ya zipangizo kapena ya pachipata, kuti asunge mapapo ndi miyendo. Akamuchotsa m'timu, ankabwezedwa pansi. Laston anagwirako pansi zaka zisanu mpira usanamutulutse, ndipo mpaka pano akamva belu la kheji, chikepe chotsitsira anthu pansi pa mgodi, ankadzidzimuka. Naye Juliana ankadziwa chimene fumbi la kumeneko limachita. Atate ake anabwerera kwawo ku Katete ndi wotchi ya kampani komanso chifuwa, ndipo chimene chinakhalitsa ndi wotchiyo.

Madzulo Laston anabwera akuimba mluzu, n'kukhala pampando akupaka mafuta bondo lake lotupa. Ankanena zoti chaka chamawa a ku Ndola adzaona polekera. Juliana anangomuyang'ana. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wokwera masitepe mogwira khoma, koma kukamwa kokha ngati mnyamata.

M'mawa mwake anavala diresi la kutchalitchi n'kuyenda wapansi mpaka ku Nkana East. A Nicodemus Daka, manijala wa timu, ankakhala m'nyumba imene anasiya mzungu uja, ya maluwa amene iwo eni ake sankawadziwa mayina. Anali a kwawo, a mpingo umodzi, ndiponso ndiwo anaimira Esme, mwana wa Juliana, pa ubatizo. Juliana sanapite m'mbali. Anagwada pakapinga ponyowa, n'kuwakumbutsa zikho zimene Laston anabweretsa, chaka chimene anasewera chala chili chothyoka, ndi maliro a atate ake amene a Daka ananyamula nawo bokosi. A Daka anafotokoza kuti komiti ikufuna magazi atsopano, kuti bondo silibisika, kuti iwo ndi munthu mmodzi chabe. Juliana sanadzuke.

"Amake Esme, mwandipanikiza," anatero pomaliza, akupukuta magalasi. "Koma mudziwe, mukwai, malo ni thwelofu chabe. Wina akangena, wina afunika kuchoka."

"Nidziwa, ba Daka."

Ankadziwadi, koma sanafunse kuti wochokayo ndani. Mumtima mwake anali atagamula kale kuti wa ku Ndola uja abwerere kwawo, popeza sanamudziwe nkhope, ndipo munthu wosamudziwa nkhope savuta kumuchotsa ntchito. Anabwerera kunyumba thupi litapepuka, mpaka anagula nyama.

Patatha sabata, pepala lachiwiri linafika. Juliana anathamangira kufuna chifuwa chachikulu chija, ndipo anachipeza pa mzere wachisanu. Anaseka yekha pakhondepo. Kenako anaona kuti wamtali wa ku Ndola akadalipo, pamwamba penipeni. Anawerenga mizere: khumi ndi iwiri. Anatsitsa chala pang'onopang'ono ngati wosadziwa kuwerenga. Mikono yaitali ya Ackson panalibe.

Ackson ameneyu Juliana anachita kukamutenga yekha ku Katete zaka ziwiri zapitazo. Amayi awo anakana kwamtuwagalu, amvekere mgodi unadya kale mwamuna wawo, sungadyenso mwana. Juliana analumbira pamaso pawo kuti mnyamatayo ndi wamtali, akalowa m'timu, ndipo phazi lake silidzaponda mu kheji. Zinayendadi momwemo. Ackson ankalemba zipangizo m'sitolo, malaya ake oyera mbee, ngakhale kuti kubwalo nthawi zambiri ankangotenthetsa benchi. Komiti itauzidwa kuti ibweze Laston, sinavutike n'kuganiza. Inangochotsa amene sankasewera.

Juliana anavalanso diresi la kutchalitchi lija. Njira ya ku Nkana East ankaidziwa, ndipo mayina anali asanalengezedwe. Akanatha kukagwadanso n'kunena kuti a Daka abwezere zinthu monga zinalili. Anafika mpaka pakhomo. Pabwalo, Laston anali atanyamula Esme paphewa kuti aponye mpira wa nsanza mu dengu lobooka limene anakhomera pamtengo wa mango, ndipo pomutsitsa anatsinzina ndi ululu wa bondo, kenako n'kumwetulira msanga kuti mwana asaone. Juliana anaima pamenepo nthawi yaitali. Atatero anabwerera m'nyumba, n'kuvula diresi lija, n'kulipinda bwinobwino. Palibe amene anamukakamiza, ndipo chimenechi ndicho chinkamupweteka koposa.

Majezi khumi ndi awiri anasokedwa pa nthawi yake. Mu Januwale mayina anamatidwa pa bolodi la kuholo. Laston anabwera kunyumba ali wokwiya, akutukwana komiti kuti ilibe chisoni ndi mlamu wake, ndipo analumbira kuti akalankhula ndi a Daka. Juliana anamuuza kuti asiye, sizingathandize. Mwamunayo anadabwa kuti mkazi wake waumitsa mtima chonchi pa mlongo wake, koma anasiyadi.

Lamlungu atachoka ku Misa, Ackson anafika ndi phukusi kukhwapa. Anakhala pansi pafupi ndi makina monga ankachitira masiku onse, miyendo atapinda ngati dziwala, n'kumasula phukusilo. Munali ovolosi yatsopano yabuluu, yolimba ngati chiguduli.

"Asisi, ku sitolo kulibe saizi yanga," anatero akuseka. "Manja afika apa chabe. Munilumikizireko, niyamba nchito ya pansi mailo pa Mande sikisi koloko."

Juliana analandira ovolosiyo osakweza maso. Ackson anapitiriza kulankhula, kuti mpirawo analibe nawo mwayi kuyambira kale, kuti bola alamu atsala chifukwa iwo ali ndi banja, kuti anzake akuti pansi munthu amazolowera. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma mukalemba kalata kumudzi, musawauze amayi. Muziti nikali kuteya mpira."

Juliana anatenga tepi n'kumuuza kuti aimirire atambasule mikono. Miyeso ya mnyamatayo ankaidziwa pamtima, sankafunika tepi ayi. Ankangofuna kuima kumbuyo kwake, kumene sakanatha kumuona nkhope. Anayeza kuchoka paphewa mpaka padzanja, n'kuyezanso, n'kuyezanso, manambala osaoneka chifukwa cha misozi, mpaka Ackson anafunsa ngati mikono yake yakula.

"Yakula," anatero Juliana. "Usatembenuke."