Tsiku Limene Mudzi Unakana Obadiah

Nkhondo itatha, asilikali a mfumu ya ku England atakwera zombo zawo, alamu anga a Obadiah Tarbox anatulukira m'mudzi mwathu wapansi, chipewa chili m'manja. Iwo anamenya nkhondo kumbali ya mfumu. Mng'ono wawo Eleazer, yemwe ndi mwamuna wanga, anamenyera ufulu wa dziko lathu, ndipo anabwerako alibe mkono wamanzere.

A Obadiah anandipeza ndikukama ng'ombe. Anaima pachipata, osalowa.

"Alamu, amayi ali moyo?"

"Alipo, koma maso anapita. Lowani."

"Ndilowe bwanji mwini khomo asananene?"

Eleazer anatuluka m'khola la akavalo, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaonda, achimwene. Mfumu yanu ija sinkakudyetsani?"

"Nanga iwe? Ufulu wakowo wakudya mkono."

Palibe anaseka, koma Eleazer anatsegula chipata. Apongozi anga anapapasa nkhope ya mwana wawo misozi ili chuchuchu. Ine ndinatereka nyemba ndi nyama ya nkhumba.

Mbiri inawanda msanga. Amuna anaitanitsa msonkhano m'tchalitchi, momwe mudzi wathu umaweruzira nkhani zake. Funso linali limodzi: Obadiah akhale kapena achoke? Ife akazi tinakhala kumbuyo, poti manja athu sawerengedwa.

Anayamba kulankhula ndi a Jotham Pruitt, eni chigayo cha tirigu, omwe mwana wawo anafera m'ndende ya asilikali a mfumu. Sanakweze mawu.

"Ine manda a mwana wanga sindiwadziwa. Ndiye ndizikumana ndi munthu uyu panjira, ndizimupatsa moni? Sindingathe. Mulungu andikhululukire."

"Akakhale ndi mfumu yakeyo!" wina anakuwa.

Eleazer ataimirira, onse anaganiza kuti asonkhezera moto.

"Abale anga, mkonowu ndinautaya kuti nkhani zathu tiziweruza tokha, osati munthu wa kutsidya kwa nyanja amene ngakhale dzina la mudzi uno salidziwa. Lero palibe wotikakamiza. Chimene tichite pano ndi chathuchathu. Achimwene angawa analumbira kwa mfumu ali mnyamata, nakana kuswa lumbirolo. Analakwa, ndipo ndinawauza pamaso. Koma sanatenthe nyumba ya munthu. Aloleni adzaike amayi awo m'manda."

Kenaka anawerenga manja. Ofuna kuti akhale anali Eleazer, abusa, ndi ena owerengeka. Ofuna kuti achoke anali pafupifupi tchalitchi chonse. A Pruitt anakweza dzanja atazyolika.

Pobwerera ndinafunsa mwamuna wanga mokwiya.

"Bambo a Keziah, mungogonja chonchi? Akabisale kumunda wakuphiri uja. Angakawafune ndani kumeneko?"

"Zilpah, ndikanapambana ine, ndikanafuna a Pruitt amvere. Ndagonja ndine. Ndimvere."

"Ndiye ufulu wake ndi umenewu?"

"Kaya. Mwina ndi umenewu. Sindinkadziwa kuti umawawa chonchi."

Kunyumba a Obadiah atamva nkhaniyo anapukusa mutu.

"Usadandaule, mng'ono wanga. Akanapambana athu aja, iwe akanakupachika. Ine angondipirikitsa."

Apongozi anga anafunsa chifukwa chake sanawafunse iwo, eni mwana. 

Kutacha Eleazer anamanga kavalo kungolo, naperekeza achimwene akewo kudooko. Kumeneko anapeza mabanja ambirimbiri amene anali kumbali ya mfumu, ali ndi mabokosi, nkhuku ndi ana, akudikira chombo chopita ku Nova Scotia, dziko limene linali likadali m'manja mwa mfumu. Anandiuza kuti njira yonse anakambirana za mtengo wa maapozi umene ankaukwera ali ana, osatchula nkhondo ngakhale kamodzi.

Apongozi anamwalira nyengo yachisanu itafika. A Obadiah sanabwerenso. Tinangomva kwa amalinyero kuti akupha nsomba kumeneko, ndipo anakwatira mkazi wamasiye.

Eleazer sanajombepo kumsonkhano wa mudzi mpaka ukalamba wake. Amatsutsa akafuna kutsutsa, nthawi zina kupambana, nthawi zambiri kugonja. Ine ndinkakhalabe kumbuyo kuja ndi akazi anzanga, manja ali pamiyendo, ndikumvetsera.