Tambala wa mu Filimu

Kalekeni anali mlimi wa fodya ku Kaomba, koma m'chilimwe ankathandiza kuperekeza alendo odzaona nyama zakutchire ku Lifupa. Kumeneko mlendo wina wokalamba anamusiyira kamera yakalekale yojambulira kanema, yolemera ngati njerwa, yosafuna batire, yongoipukusa m'mbali n'kuyamba kulira ngati ziwala. Munali filimu imodzi yokha. Mlendoyo anati akaijambula aitumize, akaitsuka kwawo. Anamuchenjezanso kuti diso la kamerayo silidziwa lokha pomwe munthu waima. Pafunika kuyeza mtunda kuchokera pa diso kukafika pamphuno ya munthuyo, kenaka n'kupotokola mphete ya manambala mpaka pa nambala yomweyo.

Kalekeni anaganiza zojambula apongozi ake, a Nedson ndi amayi Jenala, ataima pachigafa chawo chodzaza fodya. Anabwereka tepi ya amisiri omanga, apongoziwo n'kuvala zakutchalitchi.

Vuto linali mphuno. Mkamwini angafikitse bwanji tepi pankhope ya apongozi ake aakazi? Atayesa kusendera chogwada, amayi Jenala nawo anabwerera m'mbuyo mwaulemu, maso pansi. Iye akasendera, iwo ankabwerera, mpaka anakalowa m'chigafa mutu uli m'masamba. Pamenepo anaitana mkazi wake Lefina kuti agwire tepi, koma Lefina kuseka kunamugwira, tepi n'kumangovina. A Nedson nawo, akamva kuti tepi yafika, ankaweramira kutsogolo kuti aone nambala.

"Bambo, chonde mphuno ikhale malo amodzi," anatero Kalekeni, manja ali pachifuwa.

Potsiriza tepi inati mamita asanu. Anapotokola mphete kufika pa 5, n'kupukusa, kamera n'kulira. Chimene sanadziwe n'chakuti manambala a pamphetepo anali a mafiti, osati mamita. Diso linkayang'ana pafupi penipeni, patsogolo pa mapazi ake.

Fodya atagulitsidwa, mlendo uja anatumiza kanemayo pafoni ya Lefina, ndipo anthu oyandikana nawo anaunjikana pakhonde kudzaonera. Chigafa chinaoneka ngati mtambo. Patsogolo pake panali zinthu ziwiri zachimbuuzi, china chachitali, china chabuluu, zikugwedezeka. Amayi Jenala anakondwa ndithu, ati pankhope pawo palibe khwinya ngakhale limodzi.

Kenaka m'munsi mwa chithunzicho munalowa tambala. Ameneyo ndiye anaoneka bwino kuposa m'maso, nthenga iliyonse payokha, lipombo lopendekeka, ngakhale chala chimodzi chopindika. Anaima, n'kuyang'ana kamera, n'kujompha pansi monyada.

Anthu anaseka, kupatula a Simeon, mnansi wa a Nedson. Iwo anapempha kuti abwezenso kanemayo, n'kubweretsa foni pafupi ndi maso. Anati tambalayo ndi wawo, chala chimenecho anachipinda ndi chitseko cha khola, ndipo anasowa sabata yojambula yomwe ija. Anakumbutsanso kuti atafunsa nthawi imeneyo, a Nedson anayankha kuti sanamuonepo chibadwire.

Kalekeni anakumbuka ndiwo zimene apongozi anamuphikira tsiku lojambula lija, ndi mmene anayamikirira ntchafu. Anayang'ana kudenga.

A Nedson anatsokomola, n'kunena kuti chinthu chachitalicho mwina si iwo, popeza nkhope sikuoneka. Koma amayi Jenala anali atauza kale aliyense kuti chabuluucho ndi iwo. Madzulo ake a Nedson anapita okha kwa a Simeon, atapanira thadzi m'khwapa, ndipo Kalekeni anawatsatira patali atanyamula lachiwiri.