Masamba Awiri a Cândido

Ine ndinamukayikira Cândido kuyambira tsiku loyamba. Ndi uja wa kakontena ka fotokopiya pafupi ndi geti la yunivesite, amene amakopa mabuku maso ali pa foni. Anandipatsa mpukutu wa masamba makumi anayi, mutu umodzi wa buku la filozofiya ya ku Falansa lomasuliridwa m'Chipwitikizi. Phunziro limeneli ndinali nditalephera kale chaka chatha. Kulepheranso, bolsa yondilipirira sukulu ikanatha, ine n'kubwerera kwathu ku Lione kukapalira mbatatesi.

Nditafika kunyumba ku Sanjala ndinawerenga chiganizo choyamba. Mizere khumi ndi umodzi, popumira osaoneka. Munthu akuti chinthu chilipo chifukwa palibe, kenako akudzitsutsa yekha, osapepesa n'komwe. Nambala za masamba nazo makina anali atazidula.

M'mawa mwake ndinamupitira. "Cândido, iwe wandisokonezera masamba."

"Mana Florinda, makina sasankha," anayankha. "Aliyense amabwera kudzandinena zomwezo. Afalansa amalemba choncho basi."

Sindinamukhulupirire. Ndinakadandaula kwa a Dotolo Ilídio, mphunzitsi wathu, koma iwo anangoseka. "Musathamangire kumva," anatero. "Werengani kanayi, khutu lizolowere."

Ndinawerenga, mtima uli fwaa ndi mkwiyo. Pofika sabata yachitatu ndinali nditaphunzira kugwira chiganizo kumutu n'kuyenda nacho mpaka kumchira osachitaya. Panali china chouma kuposa zonse, choyambira pansi pa tsamba n'kukathera pamwamba pa linzake. Chinkayamba ndi nkhani ya kukumbukira, n'kukagwera pa thupi la munthu. Ndinalimbana nacho masiku asanu mpaka chinatseguka. Ndinasangalala, sindibisa, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinanamizira mwana wa eni ake.

Pa mayeso apakamwa ndinafotokoza chiganizo chomwecho. A Dotolo ankangogwedeza mutu. "Apa ndiye pamtima pa bukuli," anatero. "Ambiri amapadumpha." Ndinakhoza, ndipo bwino lomwe.

Potuluka ndinadzera kwa Cândido kuti ndikamupepese. Ndisanatsegule pakamwa, anatulutsa mapepala awiri pansi pa tebulo.

"Mana, musakwiye. Awa ndi a mpukutu wanu uja. Ndawapeza dzulo kuseri kwa makina."

Ndinafunafuna malo ake pomwepo. Analowa ndendende pakati pa chiganizo changa chija. Theka loyamba linali ndi mathero akeake, theka lachiwiri linali mchira wa nkhani ina. Chomwe ndinachivutikira masiku asanu, chomwe a Dotolo anachitcha mtima wa buku, palibe Mfalansa amene anachilemba. Anachilemba ndi Cândido ndi makina ake. Nanga a Dotolowo ankagwedezera mutu chiyani? Nanga ineyo ndinamva chiyani?

"Ndikawauze a Dotolo kuti kulakwa ndi kwanga?" anafunsa Cândido.

Ndinaganiza za bolsa yanga. "Gwira ntchito yako iwe, anthu akudikira," ndinatero. Mapepalawo ndinawapinda kanayi n'kuwaponya pansi penipeni pa chikwama.