Kalata ya Prosper kwa Lois

Prosper anafika pasukulu pathu mu Okutobala, atavala jekete lalikulu limene anapatsidwa kutchalitchi. Aphunzitsi anamukhazika pafupi ndi ine chifukwa anaona kuti tonse ndife a ku Malawi. Lois nayenso makolo ake ndi a ku Malawi, koma m'kalasi mwathu palibe amene ankakumbukira zimenezo. Iye anabadwira ku Dublin konkuno ndipo ankalankhula ngati ana ena onse a m'dera lathu la Blanchardstown, mofulumira, motafuna mawu. Ine ndinabwera ndili ndi zaka naini. Panali patapita zaka seveni, koma pa nthawi ya chakudya ndinkakhalabe ndekha pansi pa masitepe, pafupi ndi paipi yotenthetsa, ndikuwerenga manga, mabuku a zithunzi a ku Japan amene ndinkabwereka kulaibulale.

Tsiku lachitatu Prosper anandipeza kumeneko. Anaima kanthawi akuyang'ana mmene ndinkatembenuzira masamba.

"Achemwali, bukulo mukuliyambira kumapeto bwanji?"

"Ndi mmene amawerengera."

"Ndiye kuti mukudziwa kale amene wamwalira."

Ndinaseka. Anakhala pansi, natulutsa buledi wokulunga m'pepala, n'kundigawira theka asanafunse dzina langa. Nditamuuza kuti ndine Mwaiwawo anati dzina limenelo n'la agogo, ndipo kuyambira pomwepo anasiya kunditchula achemwali.

Ankabwera tsiku lililonse. Ndinamubwereka buku loyamba, kenako lachiwiri. Nkhani yake inali ya mtsikana wamfupi, mtsogoleri wa kalasi, wosaopa mphunzitsi kapena anyamata a m'kalasi yomaliza. Panali mnyamata mmodzi amene iye ankamumenya ndi chikwama n'kumamutcha chitsiru pamaso pa anthu. Koma akangotembenuka, wojambula ankamuika timizere m'masaya kusonyeza kuti wachita manyazi.

"Ichitu ndi chisuweni," anatero Prosper, akuloza tsambalo. "Kwathu ku Ntcheu msuweni wako amakunyoza pagulu, amakulanda chipewa, amauza anthu kuti uyu ndi mwamuna wanga wopanda pake. Ukakwiya wopusa ndiwe. Amalume anga anakwatira choncho. Sindimadziwa kuti ku Japan zilikonso."

M'mabuku omwewo munali mtsikana wina wovala magalasi, amene ankanyamula ambulera iwiri kuopa kuti mnyamata uja angaiwale yake. Ndinamufunsa Prosper kuti amamuona bwanji.

"Uti? Oho, uyu. Si mnzake chabe?"

Lois anali mtsogoleri wa timu ya basiketibolo. Chaka chapitacho anakangana ndi a hedi pa nkhani yoti atsikana azivala mathalauza nthawi yozizira, ndipo anapambana. Amayi ake ndi amayi anga amagwira ntchito limodzi kunyumba yosamalira okalamba. Kutchalitchi azimayi akamulankhula Chichewa ankamva zonse koma ankayankha m'Chingerezi. Kusukulu ine ankandidutsa ngati khoma, ndipo zimenezo zinkandikomera.

Koma Lois sankatha kumudutsa Prosper choncho, chifukwa Prosper ankaonekera. Mphunzitsi akalowa ankaimirira yekha m'kalasi monse. Popereka kope ankagwira chigongono. Tsiku lina anamupatsa Lois moni wa Chichewa pakhomo la kalasi, anzake onse ali pomwepo. Lois anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Amene anafera mu jeketelo munamuika kale?" anamufunsa m'Chingerezi.

Anzake anaseka. Prosper anabwera pansi pa masitepe akumwetulira.

"Wamva zimene wanena?"

"Ndamva."

"Ngati m'buku muja. Kungoti uyu ndi wamtali."

Ndikanamuuza tsiku lomwelo kuti Lois sakusewera. Koma maso ake ankawala, ndipo anakhala nane mpaka belu, akundifunsa mmene nkhani zoterezi zimathera. Palibe munthu anali atandifunsapo zinthu zambiri chonchi. Ndinangoti, "Mwina."

Kuyambira pamenepo ankandibweretsera mawu a Lois ngati mwana wobweretsa zimene watola panjira. Lero wanditcha m'busa. Lero wandiponyera chofufutira. Lero wati ndisamapume pafupi naye. Ine ndinkatsegula buku n'kumuonetsa tsamba lofanana nazo. Masamba otero sankasowa.

Lolemba lina mu Disembala ndikusamba m'manja kuchimbudzi cha atsikana, Lois analowa n'kutseka chitseko ndi phazi. Analankhula m'Chingerezi, akundiyang'ana kudzera pagalasi.

"Mnzako uja umuuze asiye. Wandisiyira mandasi padesiki kawiri. Dzulo kutchalitchi wakanyamulira amayi anga chikwama, pano akungomutama. Ndayesa kumuthamangitsa, akungoseka. Ali bwinobwino m'mutu?"

"Ali bwino."

"Ndiye umuuze iweyo, m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti sindikumufuna. Ndikamuuza ndekha ndimupweteka, pakamwa panga ndimapadziwa. Wamva?"

"Ndimuuza."

Anaumitsa manja n'kutuluka. Ndinakhalabe pomwepo madzi akutuluka. Ndinaganiza kuti ndikamuuza ine, Prosper achita manyazi ndi ine, mwina osabweranso. Koma akakanidwa ndi Lois mwiniwake, adzasowa kopita. Adzabwera pansi pa masitepe, ndipo adzandipeza. Ndinaliona bwinobwino ganizo limeneli, mbali zake zonse, ndipo sindinalitaye.

Masana omwewo Prosper anati akufuna kulemba kalata.

"Ya Chichewa," anatero. "Chingerezi changa n'cha mayeso. Komanso amamva, ndinamuona akuseka nthabwala ya abambo mfumu isanamasuliridwe."

Tinailemba masiku atatu. Iye ankayamba ngati akulembera a hedi, kuti choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu. Ine ndinkafufuta n'kuikapo mawu ena. Mawu amenewo sindinavutike kuwapeza, ndinali nawo kale. Iye ankawawerenga n'kugwedeza mutu.

"Iwe Mwai, ukanakhala mnyamata atsikana akanatha."

Lachinayi anandifunsa mmene amaperekera kalata m'mabuku muja. Ndinamuonetsa chithunzi cha mnyamata atawerama mpaka m'chiuno, manja onse awiri atatambasula, kalata ili kutsogolo.

"Ndi ulemu wakwathu womwe," anatero. "Ndiye umadzuka liti?"

"Akayankha."

Lachisanu kunagwa mvula, choncho pa nthawi ya chakudya aliyense anali m'kati. Lois anali pa makabati osungiramo mabuku ndi anzake atatu a timu. Ine ndinaima patali, pafupi ndi chitseko cha labu. Prosper anali atavula jekete lija, atapesa tsitsi. Anayenda molunjika, anaima patsogolo pa Lois, n'kuwerama.

Poyamba anthu ankaganiza kuti wagwetsa chinthu. Kenako anaona envelopu. Mnyamata wina wa timu ya mpira anaimba mluzu, ndipo mafoni anayamba kutuluka m'matumba.

"Dzuka," anatero Lois motsitsa mawu.

Prosper sanadzuke. Limenelo silinali yankho.

"Ndati dzuka, anthu akujambula."

Prosper anakhalabe chowerama. Ndinaona khosi la Lois likuuma. Anayang'ana mafoni aja, anayang'ana anzake, kenako anatsomphola envelopu n'kuing'amba. Mnzake wina anasuzumira papepala.

"Ndi chilankhulo chanji chimenechi? Umatha kuwerenga zimenezi, Lois?"

"Ayi," anatero Lois. Maso ake anayenda m'khonde monse mpaka anandipeza. "Koma uyo amatha. Mwaiwawo, bwera utiwerengere."

Anthu anandipatukira. Sindikumbukira kuyenda, ndimangokumbukira pepala lili m'manja mwanga, ndi malo amene ndinafufuta Lachitatu akuonekabe.

"M'Chingerezi," anatero Lois. "Mokweza. Usadumphe."

Ndinawerenga. Ndinati, Lois, ndikudziwa kuti pakamwa pako m'pakuthwa koma mtima wako ndi wofewa. Anthu anaseka. Ndinati, ukandinyoza ndimadziwa kuti wandiona, ndipo tsiku limene sunandilankhule ndimabwerera kunyumba ngati sindinadye. Mtsikana wina anagwira pamtima n'kudzigwetsera pa kabati. Mawu amenewo anali anga, ndipo m'Chingerezi ankamveka ngati a munthu wodwala. Ndinawerenga mpaka pomaliza, pamene Prosper anaumirira kuti tilembe kuti ndine wako msuweni wa ku Ntcheu.

"Msuweni?" anakuwa mnyamata wa mluzu uja. "Akufunsira msuweni wake?"

Phokoso linakwera mpaka mphunzitsi wina anasuzumira pa chitseko cha kumapeto. Prosper anali chiweramire. Kuseka ankakumva, koma ndikuganiza kuti ankadikirabe, chifukwa m'mabuku muja anthu amaseka kaye.

Lois anagwada pang'ono kuti nkhope yake ifanane ndi ya Prosper. Analankhula Chichewa. Aka kanali koyamba kumumva, ndipo chinali Chichewa cholemera lilime, cha mwana, koma mawu onse anali m'malo mwake.

"Prosper. Sindikufuna. Sindikusewera. Lolemba ndinamuuza uyu kuti akuuze bwinobwino, kuti zisafike apa. Sanakuuze?"

Pamenepo Prosper anadzuka. Nkhope yake inali itatupa chifukwa chowerama nthawi yaitali. Sanamuyang'ane Lois. Anandiyang'ana ine, ndipo anadikira, ngati mmene ankadikirira ndikamamasulira mawu ovuta. Ndinayang'ana pepala.

"Wati sumatha chilankhulocho," mnzake wa Lois anatero.

"Ndimatha zotukwana zokha," anayankha Lois, n'kumenyetsa chitseko cha kabati yake. Podutsa pafupi nane ananong'ona m'Chingerezi. "Ine ndine woipa, ndikudziwa. Koma iwe sindikudziwa kuti ndiwe chiyani."

Loweruka vidiyo inali itafika kwa aliyense, ngakhale kwa ana a sukulu za dera lina, ku Finglas. Lamulungu Prosper ndi amayi ake sanabwere kutchalitchi.

Lolemba ndinapita pansi pa masitepe belu lisanamalize kulira. Ndinali nditakonza zonena. Ndinakhala mphindi teni, kenako twente. Ndiye ndinamva kuseka kuchokera ku holo yodyera, ndipo ndinapita kukasuzumira.

Prosper anali patebulo la anyamata a mpira. Anali atamupatsa malo pakati.

"Chita zija za Lois," anatero wa mluzu uja. "Chitanso, uyu sanaone."

Prosper anaimirira, anatenga paketi ya tchipisi ndi manja awiri, n'kuwerama patsogolo pa mnyamata wonenepa wa kumapeto. Ananjenjemeretsa manja dala. Tebulo lonse linagunda ndi zibakera. Atadzuka nayenso ankaseka, mano onse pamtunda, ndipo wina anamumenya pamsana.

Anachita zimenezo kanayi sabata imeneyo. Lachinayi ndinamupeza yekha pamalo okwerera basi, mvula ikuwaza. Ndinaima pambali pake.

"Prosper, aja sakukonda. Akungokuseweretsa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukukhala nawo bwanji?"

Anayang'ana kumsewu, kumene basi inkachokera.

"Lolemba lija," anatero, "pamene tinayamba kalata. Anali atakuuza kale, kapena anakuuza titamaliza?"

Ndikanatha kunama. Lois sakanabweranso kudzanditsutsa.

"Anali atandiuza kale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chifukwa?"

Ndinatsegula pakamwa. Yankho linalipo, lalifupi, ndipo ndinali nditalinena kale pamaso pa sukulu yonse m'dzina lake. Panopa linakana kutuluka.

"Usavutike," anatero. "Ajatu akafuna kundiseka amandiuza kuti imirira tikuseke. Ndimadziwa pamene zayambira ndi pamene zathera."

Basi inafika. Anyamata awiri a mpira anali kale m'mwamba, ndipo atamuona anayamba kugogoda pawindo, akuwerama. Prosper anawakwezera dzanja. Inali basi yanganso, koma ndinabwerera m'mbuyo kuti anthu ena adutse, ndipo dalaivala atandiyang'ana ndinapukusa mutu.