Dzino Lomatidwa ndi Guluu

Wosoka nsapato wina anatsala ndi dzino limodzi lokha lotafunira, lam'munsi kumanzere. Ena onse anatha kalekale, kukokera ulusi wa nsapato. Nalo lotsalali linali litayamba kabowo, moti akamwa madzi ozizira ankachita kudumpha.

Tsiku lina anaperekeza mwana wake wamkazi kwa dokotala wa mano. Anaonerera dokotalayo akupukuta mano a mwanayo, kupakapo timadzi toyera, kuunikapo ndi kanyali, basi zatha.

"Tawamata kuti asabowoke," anatero dokotala.

Kumata? Wosoka nsapato anaseka chamumtima. Si ntchito yake ya tsiku ndi tsiku imeneyo? Atabwerera pabenchi pake anatsuka dzino lija, kuliumitsa ndi kansalu, n'kudinikizamo guluu wa nsapato ndi nsonga ya singano. Anakhala kukamwa kuli yasaa mpaka guluuyo atagwira. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake!

Masabata awiri kunali zii, iye n'kumadzitama kwa mkazi wake kuti udokotala ndi dzina chabe. Sabata yachitatu tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka. Anabwerera kuchipatala ali wera.

Dokotala anasuzumira m'kamwamo n'kupukusa mutu. "Bambo, mwaikamo chiyani umu?"

"Guluu. Ndinaona mmene munachitira ndi mwana."

"Mano a mwana wanu ndi abwinobwino, n'chifukwa chake tinawamata. Nawonso akuluakulu timawamata, koma dzino likhale losabowoka. Lanuli linali litayamba kale kuwola, inu n'kutsekera zowolazo mkati. Mukanangondionetsa tsiku lija ndikanalipulumutsa."

"Ndiye palibenso chochita, adokotala? Ndi lomaliza limeneli."

"Mafinya afika kumuzu. Tichotse basi."

Sanalire chifukwa cha jakisoni ayi. Chinamuwawa n'chakuti tsiku lija anakhala pampando wapafupi ndi dokotalayo mphindi makumi awiri zathunthu, pakamwa ali tsekee, kuchita manyazi kufunsa.

Patapita masiku chilonda chinapola, koma chotafunira panalibe. Masana ena anapeza mkazi wake kukhitchini akunyenya chakudya ndi supuni m'kambale kakuya. Anakazindikira kambaleko. Ndi komwe ankadyeramo malemu bambo ake atakalambiratu.

"Idyani, bambo a mwana," anatero mkaziyo osamuyang'ana kumaso. "Ndafewetsa."

Anakhala pansi n'kulandira supuni. Chaka chimenecho anali atangokwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu.